Ine ndi Kachingwe tinabadwa tsiku limodzi

Kalelo, paini uyu asanabzalidwe m'phiri la Dedza, munthu sankabadwa pa deti ayi, ankabadwa pa chinthu. Wina ankati ine ndine wa chaka cha dzombe, wina wa chaka chimene nyalugwe anatha mbuzi za amalume ake, wina wa nthawi imene mudzi unasamuka kuchoka kutsidya, ndipo zinkakwana, palibe ankafunsanso nambala. Felesiya, mpeniwo yamba wauika pansi, keke sathawa. Inunso ana inu senderani kuno kuli dzuwa, zakumwa zanuzo mumwere pompano, ndipo wina asandidule pakamwa, lero ndi tsiku langa, si mwatero nokha?

Ndamva zonse watiwerengera m'buku lakolo, Felesiya mphunzitsi wathu. Akuti mwezi ndi chaka chimene ndinabadwa ine, azungu ena kutsidya kwa nyanja yamchere anaulutsa ndege yoyamba, ndiponso akuti tsiku langali anabadwanso anthu otchuka, wina woimba, wina wolamula dziko, mayina awo ovuta ngati mankhwala a kuchipatala. Zikomo mdzukulu wanga, wandilemekeza. Koma ndikuuze, anthu amenewo ine sindiwadziwa, ndipo iwonso zaka makumi asanu ndi atatu zonsezi sananditumizireko ndi moni yemwe. Chinanso, tsiku mwaphikira kekeli si langa. Eee, musanditong'olere maso! Tsiku limeneli anandipatsa ndi bambo wansembe wina wandevu zofika pachifuwa, pondibatiza nditakula kale. Anandifunsa kuti pa nkhondo ndinali wamsinkhu wanji, nawerenga zala zake, chakacho n'kuchipeza, koma za mwezi anangoyang'ana kudenga n'kulemba Disembala, poti inali nyengo ya Khirisimasi ndipo mzere wa obatizidwa unali wautali. Chonsecho amayi anga ankanena mosajejema kuti ndinabadwa nthawi yozizira, m'mawa umene chisanu chinawaula masamba a maungu kudimba. Ndiye ndege yanuyo inandipeza ndikuphunzira kukwawa, si mnzanga imeneyo.

Mnzanga wa tsiku limodzi ndinali naye, ndipo m'buku lakolo mulibe. Dzina lake anali Kachingwe.

Kumudzi kwathu, kumunsi kwa Chongoni uko, mzamba analipo mmodzi yekha, a Nachisale, nkhalamba yapakamwa koma ya manja abwino. M'mawa umenewo matenda anawayamba amayi anga kumtunda kwa mudzi, ndipo azambawo asanakhale n'komwe pansi uthenga unafika wakuti kumunsi nako a Nankhoma nthawi yawakwanira. Akuti gogoyo ankathamanga pakati pa nyumba ziwirizo, mapazi ataumiratu ndi chisanu, akutukwana amuna onse a m'mudzimo mmodzimmodzi, ndi okalamba omwe amene analibe mlandu. Ndinayamba kutuluka ndine, chimwana chojintcha, iwo n'kuti, "Ichi n'chitsa, si mwana ayi." Dzuwa lisanatenthe anatuluka mnzangayo, wowonda, zala zitalizitali, iwo n'kuti, "Nanga aka? Aka n'kachingwe." Mayina n'kukhala omwewo, Chitsa ndi Kachingwe. Michombo yathu anadulira bango limodzi limene analing'amba pakati, ndipo chifukwa cha bango limenelo mudzi wonse unkatitcha mapasa a azamba.

Tinatuluka m'chikuta limodzi, anatimeta limodzi, anatisambitsira mankhwala m'phale limodzi. A Nankhoma mkaka unkawavuta, choncho amayi anga ankamuyamwitsako Kachingwe, ine bere ili, iye bere ilo, poti mwana wa mnzako ngwako yemwe. Koma sanenepe ndithu mnyamata uja. Anthu ankaseka kuti ndinamudyera mafuta ake onse, ndipo ine ndinkamuuza kuti azinditcha achimwene popeza ndinayamba kuona dzuwa ndine. Ankakana kwamtuwagalu. Ankati, "Unatsogola chifukwa cha dyera, unamva kuti kunja kuli chakudya."

Ha, koma tinakula bwino ana inu! Inu mukati kuzizira mumanena muli m'majuzi ndi m'mabulangete, ife tinali ndi kachikopa kambuzi m'chiuno basi, ndipo mame a m'mawa ankaluma miyendo mpaka kung'ambika, koma sindikumbuka kuti tinadandaulapo. Tinkatsegulira mbuzi n'kukwera nazo kuphiri, kumene kunali misuku, mithudza ndi mitengo ya tsamba yokhayokha, osati mizere ya painiyi imene pansi pake sipamera ndi bowa wodyedwa yemwe. Masuku akapsa tinkadya mpaka mimba kuuma, ndipo madzulo nsima tinkangoiyang'ana. Mvula ikatipeza tinkabisala m'mapanga muja muli zojambula za anthu akale, mbuzi zathu zitatipanikiza, Kachingwe n'kumandinamiza kuti akudziwa tanthauzo la mzere uliwonse. Mutu unali wake, mphamvu zinali zanga. Iye ankadziwa una umene muli mbewa pongonunkhiza dothi, ine n'kukumba. Iye ankasema nguli, ine n'kumenya anyamata ofuna kutilanda. Likhweru lake mbuzi zinkalimva zili kuseri kwa phiri. Akulu ankati kali kokha n'kanyama, tili tiwiri n'tianthu, ndipo ife tinali tianthu ndithu, ukamuona mmodzi unkadziwa kuti winayo ali pafupi.

Bambo ake a Kachingwe, a Mbewe, anali mkamwini m'mudzi mwathu, munthu wofatsa wosakweza mawu. Anapeza ntchito ya umesenjala ku boma, ankavala chisoti chofiira, ndipo akabwera kumudzi ankatitengera mchere m'kansalu. Shuga ndinayamba kumulawa m'dzanja lawo, anatithirira tonse awiri mofanana, ine n'kunyambita mpaka dzanja kuyera.

Kenaka inadza nkhondo ya azungu, Angerezi ndi Majeremani. Chimene ankalimbirana ife sitinkachidziwa, ndipo kunena zoona mpaka lero sindichidziwa bwino. Kumene ankamenyanako kunalibe misewu ya magalimoto, choncho chakudya cha asilikali, zipolopolo ndi mahema zinkayenda pamitu ya anthu. Ntchito imeneyo inkatchedwa mtengatenga, ndipo opitako ambiri sankabwerera, obwererawo ankafika ali mafupa okhaokha. Ndiye amuna akangomva kuti ogwira anthu ali m'njira ankathawira kumapanga, akazi n'kumawapititsira chakudya pansi pa mitolo ya nkhuni. Ife ana sitinkathawa, tinkathawiranji? Nkhondo inali ya akuluakulu. Koma tamverani mmene ankadziwira kuti uyu wakula. Panalibe chitupa, panalibe deti. Ankakukweza mkono n'kuyang'ana m'khwapa, akapezamo tsitsi ndiye kuti ndiwe mwamuna, nyamuka. Iwe Petulo ukuseka chiyani? Bwera ndikukweze mkono tione ngati sukanapita.

Chakudza sichiimba ng'oma. Tsiku lina m'mawa, ine ndikusenza chipika chokatsekera khola, asilikali anatulukira m'mudzi ndi sajeni wawo, munthu wa dera lina koma womva chinenero chathu. Wowalondolera njira anali a Mbewe, atatumidwa ndi akuluakulu awo, nkhope ili pansi. Anazungulira nyumba zonse n'kupeza nkhalamba ndi akazi okha. Sajeni uja anapsa mtima, poti anamuuza kuti asabwerere chimanjamanja, ndipo potembenuka maso ake anagwera pa ine ndi chipika changa paphewa. Anandikodola, nandikweza mkono. Munali tiubweya tongoyamba kumene, toti ungafune dzuwa kuti utione. Basi, chingwe m'chiuno.

Amayi anga anachokera pamtondo akuthamanga, gaga ali m'mikono monse. Anagwada, anagubuduka, anagwira miyendo ya sajeni, iye osagwedezeka. Pamenepo nzeru inawabwerera, ndipo inali nzeru yabwino ndithu kwa munthu wa kwathu, chifukwa kwathu nkhani ya msinkhu inkatha ndi kuloza mnzako wobadwa naye. Kachingwe anali ataima kuseri kwa nkhokwe, palibe msilikali anamuyang'anako kawiri, kamwana kooneka nthiti. Amayi anakamugwira padzanja n'kumukokera pabwalo, namuimika pambali panga, nafuula kuti wina akaitane azamba.

"A Mbewe, inu mukudziwa!" anatero amayi. "Uyu ndi mwana wa dzulodzuloli. Anabadwa tsiku limodzi ndi Kachingwe wanuyu. Taonani nokha, kodi uyu ndi mwamuna? Ngati uyu ali mwana, wanganso ndi mwana. Auzeni!"

Sajeni anatiyang'ana, ine kenaka Kachingwe, mutu wake wolekeza paphewa langa. A Nachisale anali atafika ndi ndodo yawo, ndipo iye anawafunsa, "Gogo, n'zoona zimenezi?"

Azamba sanama pa nkhani ya m'chikuta, ana inu, ankati ukanama manja ako amayamba kutaya ana. Iwo anati, "Bango linali limodzi. Ndinang'amba ndine."

Sajeni anatembenukira kwa a Mbewe. "Kamwanaka n'kako?"

"Ndi wanga."

"Tsiku limodzi ndi uyu?"

A Mbewe anayang'ana zala za kumapazi kwawo. Akanatha kukana, ndipo ine ndikanapita ndekha. Koma ndikhulupirira kuti nawonso ankayembekeza kuti choonadi chindimasula, poti ndinali mwana wodyera m'dzanja lawo. Anati, "Tsiku limodzi."

Sajeni uja anaseka mpaka kugwira m'mimba. "Ndiye onse ndi amuna! Uyunso ndi wamkulu, kungoti sadya." Sanamukweze ndi mkono womwe. Chingwe chomwe chinali m'chiuno mwanga chinapitirira mpaka m'chiuno mwa Kachingwe.

Mayo ine, kulira kumene analira amayi anga sindinakumvenso kwina. Ankadzimenya pakamwa ndi manja onse awiri, akuti, "Pakamwa panga, pakamwa panga!" A Nankhoma, amake a Kachingwe, anafika kuchokera kumadzi nkhani itatha kale. Iwo sanalire. Anavula kansalu kakuda kamene anafunda, kokhako kamene anali nako, namukoleka mwana wawo m'khosi, ndipo mawu analankhula kwa ine, osati kwa iye. Anati, "Chitsa, munabwera tsiku limodzi. Mukabwerenso tsiku limodzi." Amayi anga sanawayang'aneko n'komwe.

Za ulendowo sindikonda kunena zambiri, ndipo lero ndi tsiku la keke. Tinatsika phiri, anatilonga m'sitima ya panyanja ngati matumba, natitsitsa kumpoto, ndipo kuchokera pamenepo anali mapazi okhaokha m'dziko la eni, mvula ili pamsana, katundu ali pamutu. Kachingwe anamupatsa thumba la mpunga, ine bokosi la zipolopolo. Kapitawo akayang'ana kumbali ndinkamulandira thumbalo n'kulisanjika pa bokosi langa kuti khosi lake lipume, ndipo iye ankandilukira nkhata za udzu zofewa kuposa za wina aliyense mumzerewo. Pakamwa pake sipankatopa. Anthu akuluakulu a ndevu zawo, oti akulira ana awo, ankaseka iye akamayerekeza kayendedwe ka sajeni. Tikamadutsa phiri lililonse ankati, "Kaphiri aka kwathu tikanamangirirapo mbuzi." Ankandiwerengera zakwathu kuti pano masuku apsa, pano akubzala, pano maungu ayamba, ndipo ine ndinkamva ngati mudzi tauyenda nawo.

Chinamugwira ndi kamwazi, matenda otsegula m'mimba mwa magazi, amene anatha anthu ambiri kuposa mfuti. Munthu wowonda kale uja analibe poti matenda adyepo. Masiku angapo ndinamubereka kumsana, bokosi lili pamutu, ndipo bambo wina wa ku Ntcheu anamusenzera thumba lake, Mulungu amukumbukire bambo ameneyo. Tsiku lina masana tikupuma pansi pa mtengo anandiuza kuti ndimutsitse bwino, ndimutsamiritse. Anavula kansalu kaja n'kundipatsa. Ndinayamba kumukalipira kuti avale, iye n'kumwetulira ndi milomo youma ija, nati, "Chitsa, pobwera unatsogola ndiwe. Popita nditsogoleko ine, usamadye zonse wekha." Lipenga lonyamukira lisanalire anali atapita. Tinamukwirira pomwepo ine ndi bambo wa ku Ntcheu uja, tikukumba ndi zikwanje, ndipo malowo ngakhale mutanditengera pa ndege yanuyo sindingawaloze. Zimandiwawa mpaka lero, ana inu, zimandiwawa kwambiri.

Nkhondo itatha ndinabwerera ndekha. Sindinayambe kwa amayi anga, ndinapita kwa a Nankhoma n'kugwada pakhomo, kansalu kaja ndikuika pansi. Anakatola, anakanunkhiza, nalowa m'nyumba, ndipo maliro anayamba. A Mbewe ndinawapeza atavula kale chisoti chofiira chija, ntchito anaisiya mwezi womwe tinatengedwa, ankangokhalira kusema mipini osalankhula ndi munthu. Ndinamva kuti nthawi yonse imene tinali kunkhondo amayi awiri aja sanapatsane moni. Wina akapita kumadzi m'mawa, wina ankadikira masana. Amayi anga, munthu wansangala amene ankayambitsa nyimbo pamtondo, anasanduka wachete, ndipo ngakhale mwana wawo ndinabwerera, sankatha kukondwera poyera. Ankangoti madzi akatayika saoleka. Ine ndinkazemba njira ya kumunsi, chifukwa ndinkaona ngati thupi langa lomweli likuwatukwana a Nankhoma.

Zinakhala choncho mpaka nyengo yozizira. M'mawa umene chisanu chinayamba kugwa, udzu uli mbuu, tinamva "Odi" pakhomo. Anali a Nankhoma. Amayi anatuluka ndi mphasa, koma alendowo anakana kukhala. Anati, "Chitsa ali kuti? Mutulutseni."

Ndinatuluka ndikuti lero ndilandira matemberero anga. Anandiimika padzuwa, nandizungulira pang'onopang'ono ngati munthu wogula ng'ombe. Anandigwira mapewa, ananditambasula zala, kenaka anandisisita chibwano, n'kuima.

"Ndevu zayamba," anatero. "Ndiye kuti Kachingwe wanga wayamba ndevu."

Anatembenukira kwa amayi anga, koyamba chichokereni tsiku la chingwe lija, nati, "Anzanga, munanena zoona, linali tsiku limodzi. Simunaname. Tsono mundibwereke uyu, ndizionerapo mmene wanga akukulira."

Amayi anagwa pamapazi awo, ndipo analira awiriwo atakumbatirana mpaka akazi a mudzi wonse anasonkhana. Madzulo ake anapita limodzi kumadzi.

Kuyambira pamenepo, chaka chilichonse chisanu chikangogwa, a Nankhoma ankabwera ndi mbatata yootcha m'kansengwa, n'kundiimika padzuwa. Ngati mukufuna kudziwa phwando la kubadwa kwanga, linali limenelo, lopanda makandulo, lopanda nyimbo ya Chingerezi. Ankaona kuti mwana wawo mawu akula, mwana wawo wamanga nyumba, mwana wawo wapeza mbeta. Agogo anu aakazi ndisanawakwatire ndinayamba ndakawaonetsa kwa iwo, ndipo anawafunsa mafunso kuposa apongozi enieni. Mwana wanga woyamba, bambo ako iwe Felesiya, anamulandira m'manja ndi iwo, akuimba nthungululu kuti Kachingwe wabala. Ndipo sankandinyengerera ayi! Panali zaka zina pamene ndinkakonda chikho, ndipo anandipeza maso ali psuu, nandikoka khutu pamaso pa ana anga, bambo wandevu zanga, akuti, "Ukundikalambitsira mwana ndi mowa wakowu!" Ndinachepetsa, nanga ndikanatani, thupi linali la anthu awiri.

Chaka chawo chomaliza anabwera atawerama, akutsogozedwa ndi mdzukulu. Ndinachita kugwada kuti afikire mutu wanga. Anapapasa, nayandikitsa maso awo ofookawo pafupi ndi khutu langa, ndipo anapeza imvi imodzi. Anaizula, naiika padzanja, naiyang'ana nthawi yaitali. Kenaka anaseka, nati, "Wafika pa imvi mwana wanga. Basi, ndamulera." Mvula ya chaka chimenecho isanathe tinawaika.

Tsono ana inu, mabuku anuwo werengani, ndi abwino, ndipo za ndege ndi anthu otchuka muzidziwe. Koma munthu wobadwa naye weniweni si wa m'buku, ndi amene amayi ake anabuula pamodzi ndi amayi ako. Mukafunse makolo anu akadali moyo kuti tsiku limene munabadwa kunja kunacha bwanji, anakulandirani ndani, ndipo winanso analira m'mudzimo ndani. Mukamupeza ameneyo muzimuyendera, ngakhale alibe dzina lomveka.

Felesiya, tenga mpeni uja tsopano. Chidutswa choyamba usandipatse ine, ndipo udule chachikulu, usaumire ngati bambo ako. Uchikulunge bwino, wina athamange nacho kutsidya kwa mtsinje kwa a Esinta, nkhalamba ija imagulitsa tomato pamsewu. Amayi awo anali mlongo wake wa Kachingwe. Akawauze kuti amalume awo akwanitsa zaka makumi asanu ndi atatu, mano anatha, bondo likuvuta, koma akudya bwino ndithu. Ndipo chaka chamawa, Mulungu akatisunga, musadzaphike mu Disembala. Mudzadikire chisanu.